Makhadi Opepesa a Ba Kalaluka

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Kutentha koopsa. Magetsi anapita dzulo, sanabwererebe. Osindikiza ndi makompyuta atseka zitseko onse, msewu wonse tikugogoda ndife tokha, poti makina athu ndi opondera ndi phazi. Chitsulo chokhachokha, chakale kuposa amayi.

Koma kugogoda popanda kasitomala. Tikungosindikiza makhadi a Khirisimasi a m'maloji a ku Nakatindi, osadziwa ngati adzawatenga. Alendo achepa, mathithi atsala mwala. Sibeso wajambula njovu itavala chipewa chofiira. Zaka zinayi tili limodzi pa situdiyo ino, iye kujambula, ine kusanja zilembo, ndipo njovu zake zonse zimafanana ndi mlamu wake.

Masana kwabwera mdala. Suti yakuda m'dzuwa lotere, tayi, ambulera, kope la ana a sukulu m'khwapa. Dzina Ba Kalaluka, zaka 81, ankagwira ku njanji, ku ofesi ya katundu. Akuti adokotala awauza kuti mtima watopa. Akufuna kupepesa anthu onse amene anawalakwira chibadwire. Anthu 47. Aliyense khadi lake, mawu akeake.

Ndinawauza kuti chilembo chilichonse ndimatola ndi zala, chimodzichimodzi, ndikusanja chobwerera m'mbuyo. Khadi limodzilimodzi n'kuphwasula, n'kuyambanso. Kuli bwino kulemba ndi bolopeni. Anati: "Bolopeni ni ya munthu wamene afuna kukana mailo. Ine nifuna mau yalowe mu pepala, munthu aziyamva na chala."

Anasankha pepala la ndowe za njovu, lija timagulitsa kwa azungu. Analinunkhiza kaye. "Ili ni labwino. Nkhani zake nazo ni zimodzimodzi."

Lachitatu, 9 Okutobala

Kope sakusiya. Amang'amba masamba atatu kapena anayi m'mawa uliwonse, n'kukhala pa mpando wa pakhomo kundiyang'anira.

Loyamba: "Kwa Ba Munalula. Mbuzi yanu ya mu 1986 sinagwidwe ndi ng'ona. Inali yokoma. Pepani. Kalaluka."

Lachiwiri: "Kwa Mayi Monde. Pa maliro a amuna anu sindinkalira. Chinali chimfine. Pepani."

Lachitatu n'la kwaya ya kumpingo kwawo: "Zaka 31 ndinkangotsegula pakamwa."

Sibeso anathawira kuseri kukaseka. Ine ndinaluma mlomo mpaka magazi. Mdala osamwetulira n'komwe. Anayendetsa chala pa mawu akuti Pepani, maso otseka, ngati munthu wosisita bala.

Inki yakuda ikutha. P wamkulu tili naye mmodzi yekha wabwino, winayo anabenthuka mwendo.

Loweruka, 12 Okutobala

Makhadi 14 atuluka. Amakapereka okha, wapansi, ndi ambulera yawo. Limodzi akasiya kumanda, analitsamiritsa ndi mwala. Lina n'la galu wa ku Highlands amene anafa kalekale. Alipereka kwa galu amene ali pa nyumbapo tsopano.

Msana ukuwawa. Zala zakuda mpaka m'zikhadabo.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Ba Munalula abwera. Ndinawamva asanalowe. Wamfupi, mawu ngati lipenga. Zaka 38 akhala akuda ng'ona. Anasamutsa khola, analetsa ana awo kusambira, nthawi ina anakagenda ng'ona ku mtsinje mpaka kuthyoka phewa. "Manje nikapepese ng'ona?"

Ndinaganiza kuti atiphwanyira makina. Ayi. Akufuna khadi loyankha. Pepala loyera lokhuthala, m'mbali mwa golide, lokongola kuposa la Kalaluka. Mawu awiri: "Bweza mbuzi."

Madzulo Mayi Monde nawo. Ofatsa, duku loyera. Awo akufuna maluwa pakona. Mawu: "Nanenso sindinkalira."

Lachisanu, 18 Okutobala

Mzera pakhomo! Chiyambire sitinaonepo.

Ena akuyankha. Ena akufuna kupepesa awo, poti abusa ena ku Maramba alalikira za makhadiwa. Koma ovuta ndi amene sanalandire. Mayi wina wa ku Libuyu wakhala pano maola awiri akufuna ndimuonetse mndandanda. Anakhala moyandikana ndi Ba Kalaluka zaka 20. "Nanga ine sananilakwire? Banionako monga sindine munthu?" Wachoka akulira.

Ba Munalula alandira yankho la yankho lawo. Ndinalisanja ndekha dzulo: "Mbuzi inatha. Pepani kachiwiri." Aitanitsa lina. Awiriwa amakhala nyumba zoyang'anana, ndipo dzulo anakumana pano pakhomo, kupatsana moni bwinobwino, wina kusuntha kuti mnzake akhale pa mthunzi. Zotukwanazo amasiyira ine.

Sibeso wajambula mvuu yogwada. Tikuiika pa makhadi a anthu wamba. Ikuyenda kuposa njovu.

Ndagona masana pa mulu wa mapepala. Osadya. Wosangalala, ndikuganiza.

Lolemba, 21 Okutobala

Tsamba la 41.

"Kwa Inutu, mkazi wa Titus Moono, ku Dambwa. Mu Ogasiti 1978 Bornwell Miyoba anandipatsa kalata yokufunsira ukwati kuti ndikupatse. Sindinakupatse. Ndinayatsira mbaula. Pepani."

Amayi anga. Atate anga. Nyumba imene ndinabadwiramo.

Ndinawerenga katatu. Ndinati, ba shikulu, awa ni ba mami banga. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sankadziwa. Anati mphuno ndiyo ya Titus ndithu.

Ndinafunsa chifukwa chake anaiwotcha. Anati Bornwell anali atasamutsidwira ku Kalomo, Titus anali pompano, ndipo Titus anamva za kalatayo. "Ananipasa pampu ya njinga." Ndinati chiyani? "Pampu. Yabwino maningi, ya ku England. Koma izo sinizalemba. Titus azapepesa yekha."

Pampu.

Ndinawauza kuti inki yatha. Bodza. Anati adikira.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Sindinalisanje. Ndasanja la munthu wina amene anadumpha mzera, la mvuu.

Kalata ija ikanafika, bwenzi ine kulibe. Kapena ndili wina, wa ku Kalomo, wa mphuno ina. Tonse asanu, ndi zidzukulu zisanu ndi zinayi. Tonse tinatuluka mu pampu.

Amayi ali ndi BP. Atate ali ndi shuga. Zaka 45 m'banja, sindinawamvepo akukangana kupitirira nkhani ya mchere.

Ndinati kwa Sibeso ndingolakwitsa dzina dala, lipite kwa Inutu wina. Anati: "Ise ni bosindikiza chabe, Annette. Ya mbuzi unaseka. Ya ba Monde unaseka. Manje yafika pa nyumba yako ufuna kunkhala Mulungu?" Sitinalankhulane mpaka kuweruka.

Lachitatu, 23 Okutobala

Ndalisanja. Dzina la amayi chobwerera m'mbuyo, u t u n I. I anagwa pansi kawiri.

Ndinaponda kamodzi. Latuluka bwino kuposa onse. Zimatero.

Lachinayi, 24 Okutobala

Tsiku la ufulu, tonse kunyumba ku Dambwa. Nkhuku ziwiri, ana ali balalabalala pabwalo. Ndinawapempha Ba Kalaluka kuti asankhe tsiku lina. Anati mtima sudziwa holide.

Anafika tikusamba m'manja. Atate atangoona ambulera pa geti anaimirira, n'kukhalanso, n'kuimiriranso. Mdala anagwada pa fumbi ndi suti yake, kupereka khadi ndi manja awiri. Amayi anapukuta manja pa chitenje, kuvala magalasi, kuwerenga. Kutembenuza kumbuyo, kumene kuli dzina la situdiyo yathu. Kundiyang'ana.

Kenaka anati: "Mupaseni mpando mulendo. Ba Kalaluka, mudya chiwalo bwanji?"

Anadya ntchafu. Atate sanadye kanthu, amangomwa madzi. Amayi anagawa chakudya, anatolera mbale, anaseka ndi zidzukulu. Khadi analiika pansi pa nsalu ya pa tebulo, ndipo tonse tinkadya tikuyang'ana potupapo.

Loweruka, 26 Okutobala

Amayi apita ku Kalomo. Basi ya m'mawa, chitenje chawo cha pa ukwati wa mkulu wanga, nsapato zija zimawapweteka. Anadzera kaye kwa Ba Kalaluka dzulo, ndipo mdala sanathe kunama, poti anasiya. Za pampu amayi akuzidziwa tsopano.

Kwa atate anangoti: "Niyenda kukaona chamene ninaphonya."

Atate abwera ku situdiyo. Chitsegulire sanabwerepo, amati ntchito yanga ndi yoseweretsa mapepala. Akhala pa mpando wa Ba Kalaluka tsiku lonse, chipewa pa bondo. Anafunsa ngati makina amafuna girisi. Anawathira. Anafunsanso patapita ola. Zaka zonse zija akukonza malole, manja sadziwa kukhala.

Pafupifupi 3 koloko anati: "Sininali kudziwa kulemba bwino. Bornwell anali wa Fomu Thuu." Basi. 

Ndinafuna kuwakalipira. Ndinawagulira maheu.

Lamulungu, 27 Okutobala

Ba Kalaluka anabwera kunyumba kwanga atatuluka m'tchalitchi, kudzasiya masamba a mawa, poti akuti nthawi yawathera. Anayi. Ndinawerenga ndili chiimire.

"Kwa Mumbi... Mu Ogasiti 1978 Bornwell Miyoba anandipatsa kalata yokufunsira ukwati..."

Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu. Lachinayi. Mayina okha ndiwo osiyana.

Makalata asanu, sabata imodzi, atsikana asanu. Bornwell ankalemba ndi pepala la kaboni, kalata imodzi n'kutuluka asanu, amene ayankhe msanga ndiye wake. Onse anawapereka kwa Kalaluka, ndipo Kalaluka anapeza mnyamata wopikisana naye pa mtsikana aliyense. Wina anapereka wailesi. Wina jekete. Wina nsapato za mpira. Wina anamumeta ulere chaka chathunthu. Atate pampu.

Ndinafunsa kuti bwanji simunanene Lolemba lija? Anati amatsata kope mmene analembera, sadumpha tsamba.

Foni ya amayi yazima. Ndayesa kakhumi ndi kawiri.

Chabwino chimodzi: sindiphwasula. Ndingosintha dzina pamwamba, kuponda, kusintha dzina, kuponda.

Lolemba, 28 Okutobala

Abwera. Amayi. Osati ku Dambwa, kwa ine. Chikwama pa bedi langa, nsapato m'manja.

Anamupeza Bornwell. Ali moyo, ali ndi chigayo chosagwira ntchito ndi mano atatu. Anawalandira bwino, anawapatsa mpando. Atanena dzina lawo anati: "Inutu uti? Wa ku Maramba olo uja wamutali?" Kenaka anawafunsa ngati akudziwa munthu wokonza zigayo.

Ndinaseka. Sindinafune, zinangotuluka. Amayi nawo anaseka, mpaka kugwira khoma. Kenaka kusekako kunasanduka china. Sindinawaonepo akulira chotero, ngakhale pa maliro a agogo.

Za Bornwell alibe nazo ntchito. Za Kalaluka akuti ndi wamisala chabe. Chimene chawalasa ndi ichi, mmene ananenera: moyo wawo wonse palibe mwamuna anawalemberapo kalata. Imodzi yokha, ndiyo ya kaboni, ndiponso inayatsa mbaula. "Bena banagulidwa na wailesi. Ine pampu. Osati olo njinga yonse. Pampu."

Ndawaphikira tiyi. Ndigona pa mphasa.

Lachitatu, 30 Okutobala

Amayi akadali kwanga. Asintha malo a mapoto onse. Atate akaimba foni amayi amandipatsa ine. "Bauze mankhwala ya shuga yali pamwamba pa firiji." Ndimawauza. "Bafunse ngati badya." Ndimafunsa. Atate akuti adya. Mkulu wanga akuti akungodya mabanzi.

Ba Kalaluka amaliza onse 47. Anapita ku chipatala dzulo, adokotala ena, achitsikana. Akuti mtima ulibe vuto, unali mpweya wa m'mimba. Abwera ndi kope latsopano. Akufuna kupepesa onse amene makhadi oyamba awasokoneza. Mabanja atatu mwa asanu aja sakulankhulana. Wometa uja akugona m'shopu yake.

Ndawauza kuti abwere Januwale. Sibeso akuti ndine wopusa, kasitomala wotere sapezeka kawiri.

Lachinayi, 31 Okutobala

Ndinapeza atate pakhomo ndisanatsegule. Malaya oyera, ometa ndevu.

Ndinaganiza akufuna la mvuu. Ndinali nditayamba kale kuganiza mawu oti ndiwalembere, abwino, ogwetsa misozi. Anakana. "Nionetse chabe mwamene bachitira. Nizachita neka."

Ndawaonetsa kabati ya zilembo, kachipinda kalikonse chilembo chake. Kuti amasanja kuyambira kumanzere koma chilembo chili chadodolido, kuti zonse zimaoneka mobwerera ngati pa galasi. Kuti pakati pa mawu amaikapo kachitsulo kopanda kanthu. Zala zawo ngati masipanala. Chilembo chikagwa amachifunafuna chogwada, osalola ndiwathandize.

Tsiku lonse mzere umodzi, ndipo anauphimba ndi chipewa ndikamadutsa. Makasitomala ndimawalandirira panja.

Anandifunsa kamodzi kokha: "Y ali kuti?"

Lachisanu, 1 Novembala

Atate abweranso. Pofika masana anati amaliza. Anakana pepala la njovu, anasankha la thonje, loyera, lija timasungira maukwati. Ndinawamangira zilembo mu felemu nditayang'ana kumbali, monga anandilamulira. Ndinapaka inki. Kenaka ananditulutsa mu situdiyo yanga yomwe, ine ndi Sibeso, n'kutseka chitseko.

Tinaima padzuwa. Kunamveka kugogoda kamodzi. Chete. Kamodzinso.

Anatuluka ndi envulopu yomata, inki pa malaya oyera aja. Anandipatsa kuti ndikapereke. Kenaka anailanda. "Iyayi. Makalata yopasira munthu niyadziwa." Anapita nayo okha kwanga, anaipereka kwa amayi pakhomo, anabwerera ku Dambwa wapansi.

Felemu anaisiya pa makina, zilembo zili momwemo. Anaiwala kuti ine kuwerenga chobwerera ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Ndinayesa kusayang'ana. Ndinapukuta marola a inki, ndinasesa. Ndinayang'ana.

Palibe Pepani. Palibe Wokondedwa.

"Inutu. Pampu ija nbiyo yokha ndinali nayo. Titus."

Pa "ndiyo" anaika b m'malo mwa d. Aliyense amalakwitsa pamenepo poyamba.

Sindinaphwasule. Ndinakhala pansi, pa simenti. Sibeso anawerenga pamwamba pa phewa langa, pang'onopang'ono, poti iye sanazolowere, kenaka anapita kuseri. Ulendo uno sikunali kukaseka.

Loweruka, 2 Novembala

Dzulo nditafika amayi anali kale pa mbaula. Anaphika, tinadya. Envulopu sindinaione paliponse.

Lero m'mawa ndadzuka chikwama chili kale pakhomo, mapoto abwerera m'malo mwake. Avala nsapato zophwathalala.

Ndinafunsa ngati awerenga. Anati: "Zaka fote-faifi kuyembekeza kalata, yabwera na sipelingi yolakwika."

Ndinati nditha kukonza, n'chilembo chimodzi chokha, mphindi ziwiri. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Dzanja linapita pachifuwa, pamene ngodya yoyera imasuzumira m'bulauzi.

"Ukayese. Nyamula chola, tizaphonya minibasi."